Mbewu ya Patsindwi Simera

Ndikudziwa kuti ena mwalawirira mbandakucha, mwayenda wapansi mtunda wautali, ndipo ambiri mwasiya makasu m'munda nyengo ino younga mizere. Ambuye akudalitseni chifukwa cha kubwera kwanu.

Mutu umene ndapatsidwa ndi wa chikhulupiriro. Ndisanalowe m'kati mwake, ndiloleni ndikutengereni kaye kukhitchini kwa mayi anga.

Amene munalipo mukukumbukira kuti njala ya 2002 inayamba kuluma chakumapeto kwa 2001. Kwathu nkhokwe zinali zitagona kale mvula isanagwe. Anthu ankaphika mango osakhwima, ena ankakumba zitsa za nthochi, ndipo gaga amene tinkapatsa nkhumba anasanduka chakudya cholimbirana pachigayo. Nditapita kumudzi kukaona mayi, ndinapeza adzukulu awo atakhala pakhonde ali chete, monga amakhalira ana akatopa ndi kulira. Nditalowa m'khitchini ndinakweza maso, ndipo patsindwi, pamwamba pa mafuwa, panali zisononkho za chimanga cha makolo, zomangidwa ndi makoko ake, zitada bii ndi mwaye. Ndinati, "Amayi, bwanji osatsitsa chimangachi n'kuwakazingira anawa?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwanangu, icho si chakudya. Icho ndi chaka chamawa. Ndidyeretu chire adasowa mbewu."

Mvula yobzalira itagwa, anakwera pampando, anatsitsa zisononkho zija, anazitonolera m'lichero, n'kulowera kumunda. Ine ndinkakumba mapando, iwo akutsata m'mbuyo, akuponya njere zitatuzitatu n'kumakwirira ndi phazi. Ndinaona ndi maso anga mayi wanjala akukwirira chimanga m'dothi. Panalibe amene anawalonjeza kuti mvula ipitirira. Koma ankadziwa kuti mbewu ya patsindwi simera. Ikakhalitsa pamenepo, mapeto ake ndi anankafumbwe.

Abale ndi alongo, zimene ndabwera kudzanena lero ndi zomwezo. Ambiri a ife chikhulupiriro tili nacho, ndipo tachisunga bwino. Koma chili patsindwi. Ndikufuna tichitsitse. Ndikamba mfundo zinayi. Yoyamba, chikhulupiriro ndi kudalira, osati kungovomereza. Yachiwiri, chikhulupiriro chimanyamuka chisanaone mapeto a ulendo. Yachitatu, chikhulupiriro chimaoneka m'manja. Yachinayi, chikhulupiriro chili ndi mtengo wake. Pomaliza ndipereka chenjezo limodzi.

Mfundo yoyamba: chikhulupiriro ndi kudalira, osati kungovomereza.

Amene munafikako kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa kapena ku Nsanje, mukudziwa mmene anthu amaolokera mtsinje pabwato. Madzi ake ndi akuya, ndipo muli ng'ona ndi mvuu. Tsono tiyerekeze munthu wafika padooko. Akuuyang'ana bwato n'kuvomereza kuti anausema ku mtengo wolimba. Akumuyamikira wopalasa kuti nkhafi amaidziwa, sanagwetsepo munthu. Zonse akunenazo n'zoona. Koma dzuwa likulowa iye adakali tsidya lomwelo. Kodi munthu ameneyu wamudalira wopalasa uja? Ayi. Wangomuvomereza. Kudalira kumayamba pamene miyendo yonse iwiri yalowa m'bwato, dooko likutsalira m'mbuyo, moyo wako uli m'manja mwa wina.

Ambiri a ife tinalowa kalasi, tinaloweza katekisimu, tinayankha mafunso pamaso pa akulu a mpingo, ndipo tinabatizidwa. Zimenezo n'zabwino ndipo n'zofunika. Koma kalata ya Yakobo, mutu 2, imatikumbutsa kuti ngakhale ziwanda zimadziwa zoona zake za Mulungu, mpaka zimachita mantha, koma kudziwako sikuzipulumutsa. Kudziwa za Mulungu ndi kwina, kudziponya m'manja mwa Mulungu ndi kwinanso.

Ndipo pali munthu wina womvetsa chisoni kuposa wotsala padooko uja. Ndi amene waika mwendo umodzi m'bwato, wina wausiya pamtunda. Bwato likangosuntha, iye ndi wa m'madzi. Lamulungu ali kutsogolo m'kwaya, Lachitatu usiku ali kwa sing'anga kukatemera mphini kuti malonda ayende. Mwana wabatizidwa m'mawa, koma m'chiuno mwake muli chithumwa chobisika pansi pa thewera. Sindikunena izi monyoza, chifukwa ndikudziwa kuti gwero lake ndi mantha, ndipo mantha tonse timawadziwa. Koma akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mulungu safuna mwendo umodzi. Amafuna munthu yense.

Mundimvetse bwino pano. Kulowa m'bwato si kulipira. Amene akutiolotsa ndi Khristu, ndipo mtengo wake anaupereka yekha pamtanda. Ntchito zathu sizigula chipulumutso. Mango sapatsa moyo mtengo, koma mtengo wamoyo umabala mango. Zochita zathu ndi zipatso, muzu ndi chisomo cha Mulungu. Koma mtengo umene wapitirira zaka ndi zaka osagwetsa ndi bango limodzi lomwe, mwini munda ali ndi chifukwa chofunsa ngati uli moyo.

Mfundo yachiwiri: chikhulupiriro chimanyamuka chisanaone mapeto a ulendo.

Pa Yoswa mutu 3 tikupeza Aisraele atafika m'mbali mwa Yordano, atatha zaka 40 m'chipululu. Inali nyengo yokolola, pamene mtsinjewo umasefukira. Mulungu akanatha kuumitsa mtsinje usiku anthu ali m'tulo, kuti podzuka apeze njira youma. Sanatero. Analamula kuti ansembe onyamula likasa la chipangano atsogole, ndipo madzi anaima pokhapokha mapazi awo atanyowa. Taganizani za wansembe amene anali patsogolo penipeni, katundu ali paphewa, madzi akukokoma, iye n'kuponda. Ifetu timakonda kuuza Mulungu kuti, "Umitsani kaye, ndiponde." Iye amati, "Ponda kaye, uone."

Abrahamu ananyamuka ku Harana ali ndi zaka 75, osadziwa dziko limene akupita. Mwana wolonjezedwa anabadwa iye ali ndi zaka 100. Zaka 25 akugona m'mahema, atagwira lonjezo lokha basi.

Mwina mukuti zimenezo n'zakutali. Tibwere kwathu konkuno. Mu 1875 amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear ndi sitima yawo ya Ilala, imene anthu mazanamazana anaisenza zidutswazidutswa kulambalala mathithi a Shire. Pamalo paja malungo anawasautsa kwambiri, ndipo manda a anzawo alipo mpaka lero. Anagwira ntchito zaka zoposa zisanu asanabatize munthu. Woyamba, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Zaka zonsezo, manda ochuluka kuposa obatizidwa! Munthu wowerengera phindu akanalongedza katundu. Koma Dr Robert Laws, mmodzi wa amishoniwo, anakhala m'dziko muno mpaka 1927, ndipo sukulu, zipatala ndi mipingo yochokera ku mbewu imeneyo tikuziona tonse.

Koma amene amandikhudza mtima kwambiri ndi William Koyi, munthu wakuda ngati ife, Mxhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene anabwera kuno mu 1876. Popeza chilankhulo chake chinali chofanana ndi cha Angoni, anapita kukakhala pakati pa Angoni a Inkosi M'mbelwa pa nthawi imene nthungo ndi zishango zinali zisanapachikidwe. Anakhala nawo, anadya nawo, anapirira kuopsezedwa ndi kudikiritsidwa. Anamwalira ku Njuyu mu 1886 asanaone Mngoni ndi mmodzi yemwe akubatizidwa. Oyamba anabatizidwa mu 1890, iye atagona kale m'manda zaka zinayi. Lero pitani ku Ekwendeni kapena ku Embangweni Lamulungu m'mawa mukamve mmene nyimbo zikumvekera. Koyi anakwirira mbewu, okolola ndi ena. Akanadikira kuti aone kaye zokolola, sakanabzala.

Nanga inu mukudikira chiyani? Pali m'bale wanu amene munayambana naye chifukwa cha malire a munda, ndipo papita zaka simulonjerana. Mukuti muyamba mwaona ngati iye apepese. Pali mwana wamasiye wa mlongo wanu amene wasiya sukulu, ndipo mukuti mudzamuthandiza zinthu zikadzayamba kuyenda. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Yordano wanu ndi ameneyo. Pondani. Mbewu ya patsindwi simera.

Mfundo yachitatu: chikhulupiriro chimaoneka m'manja.

Pa Marko mutu 2 pali nkhani ya ku Kapernao. Yesu ali m'nyumba, anthu adzaza mpaka pakhomo. Akubwera amuna anayi atanyamula mnzawo wofa ziwalo pamphasa. Polowera palibe. Akanatha kumutula panja n'kumuuza kuti, "Tayesetsa achimwene, tidzabweranso." M'malo mwake anakwera naye padenga, anasasula denga la eni ake, n'kumutsitsira pamaso pa Yesu. Ndipo mlembi akutiuza kuti chimene Yesu anaona mwa anthu aja chinali chikhulupiriro. Ndikufunseni: chikhulupiriro chimaoneka bwanji ndi maso? Anaona thukuta. Anaona fumbi likugwa kuchokera padenga. Anaona manja asanu ndi atatu atagwira zingwe. Amuna aja sanalalike, sanayankhule ndi liwu limodzi lomwe limene linalembedwa. Manja awo ndiwo anayankhula.

Onaninso kuti anali anayi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu mmodzi sakanakweza wodwala padenga. Pali masiku amene chikhulupiriro chako chimafooka, sungathe n'kupemphera komwe, ndipo umanyamulidwa ndi chikhulupiriro cha anzako. N'chifukwa chake tili ndi mpingo. Lero uli pangodya ya mphasa, mawa ndiwe wagona pamphasapo. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Tinaziona izi mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagunda chigawo chakummwera. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, midzi inakokoloka ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, ndipo anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Mvula isanakate n'komwe, anyamata anali kale m'matope ndi makasu, ena ndi manja okha, kufukula anzawo. Matchalitchi ndi sukulu zinasanduka malo ogona. Amayi anatsegula masutikesi n'kutulutsa zitenje zimene ankasungira ukwati, ena anatapa ufa m'thumba limene linali kale pafupi kutha. Ambiri a iwo sanali olemera. Anapereka chifukwa anadalira kuti Mulungu amene wawapatsa lero sadzawaiwala mawa. Makolo athu ankati kupatsa n'kuika. Mkhristu amadziwa kumene akuika, ndiponso amadziwa amene akusunga.

Koma tisadikire namondwe. Yakobo yemwe uja akufunsa phindu la kuuza munthu wanjala ndi wausiwa mawu okoma, osamupatsa kanthu. Ife timakonda kunena kuti, "Tikupemphererani." Mawu amenewo ndi abwino, ndipo pemphero ndi ntchito yaikulu. Koma akachoka pakamwa pa munthu amene nkhokwe yake ili yodzaza, kupita kwa mayi wamasiye amene sanasonkhe moto masiku awiri, mawuwo amasanduka chitseko chotsekera munthu panja. Pemphererani, inde, koma lichero la ufa lili pamutu. Amayi a Mvano, mukamapita kuchipatala ndi ndowa ya phala kukaona odwala ndi owadikirira, mukamachezera pamaliro usiku wonse, dziwani kuti imeneyo si ntchito yapambali. Chimenecho ndicho chikhulupiriro chimene Yesu amachiona ndi maso.

Mfundo yachinayi: chikhulupiriro chili ndi mtengo wake.

Walira mvula walira matope. Amene wasankha kudalira Mulungu m'zochita adziwe kuti tsiku lina kudalirako kudzamuika pamalo oterera.

Achinyamata, mverani mbiri iyi, chifukwa ufulu umene muli nawo woyankhula zakukhosi sunagwe kuchokera mumtengo. Pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Mutu wake womwewo ukunena za kukhala m'moyo zimene timakhulupirira. Nthawi imeneyo dziko linali la chipani chimodzi, ndipo munthu ankatha kutsekeredwa popanda mlandu chifukwa cha mawu amene wayankhula m'basi. Kalatayo inanena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a antchito, za mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, komanso za anthu omangidwa popanda kuzengedwa mlandu. Aliyense ankazidziwa zimenezi, koma zinkanenedwa monong'ona.

Matope anabwera. Maepiskopi, pamodzi ndi Arkiepiskopi James Chiona, anaitanidwa kupolisi kukafunsidwa. Boma linalengeza kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka, kumene kalatayo inasindikizidwa, inatenthedwa. Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Posaina kalata ija, abusa amenewa sankadziwa ngati adzaona Pasaka. Koma mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda anaimirira nawo, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa referendamu n'kusankha ndale za zipani zambiri. Mbewu imene inakwiriridwa mwamantha Lamulungu lija inamera.

Koma musaganize kuti nkhani zonse zimatha chonchi. M'buku la Danieli mutu 3, anyamata atatu aja, Sadrake, Mesake ndi Abedinego, anauza mfumu kuti Mulungu wawo angathe kuwalanditsa m'ng'anjo, koma anawonjezera kuti ngakhale atapanda kutero, iwo sagwadira fano. Pamenepo ndi pamene pali mtima wa chikhulupiriro. Sichichita malonda ndi Mulungu. Sichinena kuti, "Ndikumverani mukandilonjeza kuti sindipsa."

Ambiri a ife sitidzasaina kalata yogwedeza dziko. Ng'anjo yathu ndi yaing'ono, koma imatentha ndithu. Ndi ya kalaliki amene wakana kusaina pepala la katundu amene sanafike, akudziwa kuti kukwezedwa pantchito kwathera pomwepo. Ndi ya wogula mbewu amene wakana kukhotetsa sikelo pamene anzake onse akubera alimi. Ndi ya mtsikana wa Fomu 4 amene wakana mayankho obera mayeso, kapena wakana bambo amene akufuna kumulipirira fizi posinthana ndi thupi lake. Anthu amenewa amataya kanthu kenikeni, kogwirika. Amakwirira chimanga ali ndi njala. Amatero chifukwa amadalira kuti moyo wawo suli m'manja mwa bwana, uli m'manja mwa Mulungu.

Tsopano chenjezo limene ndinalonjeza. Kudalira Mulungu si kumuyesa Mulungu.

Mlimi aliyense pano akudziwa chizimalupsa, mvula imene imabwera kudzazimitsa lupsa ndi kugoneka fumbi. Wobzala ndi mvula imeneyo saonetsa chikhulupiriro, amangotaya mbewu. Mayi anga sanabzale ndi chizimalupsa, anadikira mvula yeniyeni. Chikhulupiriro ndi nzeru zimayendera limodzi. Yesu mwini anakana kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi pofuna kuonetsa kuti Atate amugwira. Nehemiya, pomanga linga la Yerusalemu adani atamuzungulira, anapemphera, n'kuikanso alonda usana ndi usiku.

Ndikunena izi ndi mtima wosweka, chifukwa taika m'manda abale amene anauzidwa kuti achira, ataye ma ARV posonyeza chikhulupiriro. Anataya, ndipo tinawaimbira nyimbo zamaliro. Mvetserani, okondedwa: kumwa mankhwala mokhulupirika tsiku ndi tsiku, kugona m'neti, kupita kusikelo, kuthamangira kuchipatala ndi mwana wotentha thupi, zonsezi si kuchepa kwa chikhulupiriro. Nzeru za dokotala anapereka ndi Mulungu yemweyo. Pempherani, ndipo imwani mankhwala.

Chenjeraninso ndi amene amakuuzani kuti "mubzale mbewu" ya ndalama m'thumba mwawo kuti Mulungu akubwezereni kakhumi. Mulungu si wakatapila. Chopereka ndi kuthokoza, si nyambo yokolera madalitso. Mbewu imene ndikunena ine ndi kumvera, ndipo munda wake ndi banja lanu, ntchito yanu, ndi mnansi wanu wosowa.

Ndimange mtolo. Tanena kuti chikhulupiriro ndi kudalira, choncho miyendo yonse iwiri ilowe m'bwato. Tanena kuti chimanyamuka chisanaone mapeto, choncho pondani madzi. Tanena kuti chimaoneka m'manja, choncho gwirani ngodya yanu ya mphasa. Tanena kuti chili ndi mtengo wake, choncho musathawe matope. Ndipo tachenjezana kuti kudalira Mulungu si kumuyesa.

Mwina mukufunsa kuti munda wa mayi anga unatha bwanji. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale inali yowawa kwambiri, ndipo m'mudzi mwathu maliro sankatha. Koma chimanga chija chinamera, chinamasula, chinabereka. Sitinakolole ngolo zambiri, koma tinakolola. Ndipo tsiku lokolola, asanaike kanthu m'nkhokwe, mayi anakhala pansi n'kusankha zisononkho zazikulu zokhazokha, anazimanga ndi makoko ake, n'kukazipachika patsindwi pomwe paja, kudikira tsiku lozitsitsanso.

Pamene mukubwerera kwanu madzulo ano, ndikupempha chinthu chimodzi. Musalonjeze zambiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kwezani maso patsindwi la mtima wanu, muone chinthu chimodzi chimene mwakhala mukudziwa kuti Mulungu akufuna muchite, koma mwachisunga chifukwa cha mantha. Kaya ndi kukagogoda pakhomo la m'bale uja, kaya ndi kudula chithumwa chija, kaya ndi kubweza ndalama imene si yanu, kaya ndi kukayezetsa magazi pamodzi ndi akunyumba kwanu. Chitsitseni sabata ino, Lamulungu lisanafike. Kumeretsa si ntchito yanu, ndi ya Mwini mvula, ndipo Iye ndi wokhulupirika. Yanu ndi kukwirira. Mbewu ya patsindwi simera.